Momwe mungasamalire pampu ya m'besimenti madzi asanakulowereni m'nyumba

Ambiri a ife amene tinachoka ku Malawi n'kudzakhazikika ku Indiana, Michigan kapena Ohio, nyumba yokhala ndi besimenti tinadzaionera kuno. Pansi pa nyumba pamakhala chipinda chathunthu momwe muli makina otenthetsa nyumba, thanki ya madzi otentha, makina ochapira, ndiponso katundu amene tikusonkhanitsa kuti tidzatumize kumudzi. Pakona ina ya chipindacho pali dzenje lovundikira, lakuya pafupifupi masentimita 60, ndipo m'dzenjemo muli pampu imene eni dziko amati sump pump. Mapaipi obowolabowola amene anakwiriridwa mozungulira maziko amasonkhanitsa madzi a m'nthaka n'kuwathira m'dzenjemo. Madzi akakwera, choyandama chimakwera nawo, swichi imayatsa pampu, madziwo amatuluka panja kudzera m'paipi ya PVC, nthawi zambiri ya inchi imodzi ndi theka.

Amene anali ku South Bend mu Febuluwale 2018 akukumbukira mmene mvula inagwera chipale chofewa chikusungunuka, mpaka mtsinje wa St. Joseph unasefukira kuposa kale lonse. Masiku ngati amenewo pampu siipuma, ndipo ikangoima, madzi amakwera pansi pa nyumba yanu inu muli ku ntchito kapena muli m'tulo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri amakhutira akangomva kuti pampu ikulira. Pampu ikhoza kulira bwinobwino koma osatulutsa madzi ngakhale dontho.

Musanagwire chilichonse

Ngati madzi afika kale pa simenti, musapondemo. Mawaya, soketi zam'munsi ndi makina onse aja akhoza kukhala atadzaza magetsi m'madzimo. Ngati bokosi la magetsi lili pamalo ouma, zimitsani pamenepo. Ngati kuti mukalifike muyenera kudutsa m'madzi, imbirani odziwa za magetsi. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, lemberani eni nyumba uthenga, osangowauza pakamwa, chifukwa kusamala pampu kawirikawiri ndi udindo wawo.

Iyeseni ndi ndowa

Chitani izi chakumapeto kwa Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, chipale chisanayambe kusungunuka, kenako mubwerezenso cha mu Okutobala. Vundukulani dzenje. Ngati chivundikiro chake chinamatidwa mozungulira ndipo pali paipi ina yaikulu yokwera kudenga, nyumbayo ili ndi zotulutsira mpweya woipa wa radon, ndiye mukamaliza mudzamatenso monga munapezera.

Thirani madzi pang'onopang'ono ndi ndowa ija ya magaloni 5, mwina ziwiri, mpaka choyandama chikwere. Musachikweze ndi dzanja n'kunena kuti mwayesa, chifukwa simudziwa ngati chimakwera chokha. Pampu iyake, madzi atsike mofulumira, kenako izime yokha. Mutume mwana kapena aliyense akaime panja pomwe paipi imathera, aone ngati madzi akutulukadi.

Ikapanda kuyaka, yambani ndi soketi. Soketi za m'besimenti zambiri ndi za GFCI, zija zokhala ndi timabatani tiwiri pakati, ndipo zimadzizimitsa zokha magetsi akayamba kuthawira kwina, monga chifukwa cha chinyontho. Dinani Reset. Ikamangozimabe mobwerezabwereza, ndiye kuti motala mwina yayamba kulowa madzi, ndipo pampuyo ndi yofunika kusintha. Musapusitsidwe n'kuilumikiza pa chingwe chowonjezera chochokera ku chipinda china.

Pampu zambiri zimakhala ndi mapulagi awiri, ina yolowa kumsana kwa inzake. Yakutsogolo ndi ya swichi, yakumbuyo ndi ya motala. Zulani onse, mulowetse ya motala yokha pa soketi kwa masekondi ochepa. Ikalira, motala ili bwino, chafa ndi swichi, ndipo swichi yotere imagulidwa payokha pa madola 30 kapena 40. Pa zonse za pampu, swichi ndiyo imayamba kutha. Ngati pulagi ndi imodzi yokha, swichi ili pathupi pa pampu, ndipo ngati pampuyo yakwana zaka 7 kapena kuposerapo, ine ndimangoti gulani yatsopano.

Itulutseni muitsuke

Zulani pulagi, masulani paipi pamunsi pa check valve (valavu yoletsa madzi kubwerera m'dzenje), nyamulani pampu pogwira chogwirira chake, osati chingwe. Ikani m'ndowa mukaitsukire panja. Chotsani timiyala, mchenga ndi ulusi wa zovala pa sefa ya pansi, ndipo muone ngati chozungulira cham'kati, chimene chimakankha madzi, chikuzungulira momasuka. Matope a m'dzenje akokoleni ndi chitini kapena makina okoka madzi aja. Pobwezera, ikhazikeni pa njerwa yosalala kuti isamayamwe matope, ndipo choyandama chisakhudze khoma la dzenje kapena chingwe chilichonse. Pampu ikamanjenjemera imasuntha pang'onopang'ono mpaka choyandama chimakapanikizika pakhoma, choncho zingwe zonse muzimangirire ku paipi.

Ngati swichi yanu ndi ija ya kampira kolendewera pa chingwe ndipo dzenje ndi lopapatiza, ganizirani zosintha n'kuika ija yokwera ndi kutsika pa kachitsulo koongoka. Ya kampira imafuna malo otakasuka.

Kabowo kamene ambiri sakadziwa

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa ndi pamene madzi anandilowera m'nyumba pampu ili yatsopano.

Pa paipi yotulutsa madzi pamakhala check valve, valavu yolola madzi kupita mbali imodzi yokha. Ntchito yake ndi kuletsa madzi amene ali m'paipi kubwerera m'dzenje pampu ikazima. Popanda valavuyi pampu imangopopa madzi omwewo mobwerezabwereza mpaka kutha msanga. Koma valavu yomweyi imabweretsa vuto lina. M'miyezi yopanda mvula dzenje limauma, ndipo m'mimba mwa pampu mumalowa mpweya. Pamwamba pa valavu pamakhala patatsala madzi odzaza paipi yonse, ndipo kulemera kwawo kumaitseka valavuyo zolimba. Mvula ikadzabwera madzi n'kukwera m'dzenje, mpweya uja umasowa kothawira. Zili ngati kumiza kapu chozondotsa m'ndowa ya madzi: m'kati mwa kapu simunyowa. Swichi imayaka, motala imalira, koma chozungulira chija chikungopalasa mpweya.

Kwa ine zinachitika usiku wa mvula yoyamba ya mphamvu pambuyo pa chilimwe chouma. Pampu inali itaikidwa ndi munthu amene ndinamulipira miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo inkamveka kulira ndili m'chipinda cham'mwamba. Nditatsika ndinapeza dzenje litadzaza, madzi atayamba kuyenderera pa simenti kulowera ku makatoni. Paipi inali yozizira komanso yosanjenjemera, chizindikiro chakuti simukudutsa kanthu. Motala itatentha inadzizimitsa yokha, itazizira n'kuyakanso, madzi osatsika. Nditazimitsa magetsi n'kumasula pang'ono cholumikizira cha pansi pa valavu, mpweya unatuluka kuti psii, ndipo nditamanganso n'kuyatsa, dzenje linaphwa m'kanthawi kochepa. Woikayo sanaboole kabowo kotulutsira mpweya.

Kabowoka kamabooledwa pa paipi, pakati pa pampu ndi check valve, m'kati mwa dzenje momwemo. Kukula kwake ndi 3/16 ya inchi, kutanthauza mamilimita osakwana 5. Mabuku a malangizo a pampu zambiri, kuphatikizapo za kampani ya Zoeller, amanena za kabowo kameneka, koma anthu amataya bukulo pamodzi ndi katoni. Pampu zina zimabwera kabowo kali kale pathupi pake, ndiye yambani mwawerenga buku la pampu yanu.

Poboola, tulutsani pampu ndi paipi yake m'dzenje, musaboole ili m'madzi. Sankhani malo okwera pang'ono kuchokera pomwe paipi yalowa mu pampu, koma otsika bwino kuchokera pa chivundikiro. Pendeketsani chobooleracho kuti kabowo kaloze pansi, chifukwa pampu ikamagwira ntchito pamatuluka kamadzi kothamanga kwambiri. Kakaloza m'mwamba kamanyowetsa chivundikiro ndi simenti, ndipo kakaloza pa choyandama kamachikankha n'kusokoneza swichi. Chotsani tizidutswa ta pulasitiki tonse kuti tisagwere mu pampu.

Mukadzaona kamadzi kakutuluka pamenepo, musaganize kuti paipi yabooka n'kuyamba kumata ndi tepi. Pali anthu amene amatseka kabowoka poganiza kuti akukonza, osadziwa kuti akudziitanira madzi m'nyumba. Ndiponso kamatsekeka kokha. M'madera amene madzi ali ndi chitsulo chambiri, m'dzenje mumachita matope oterera ofiirira ngati dzimbiri, ndipo amamata kabowoko. Nthawi iliyonse mukuyesa pampu, yang'anani ngati kamadzi kaja kakutuluka. Ngati sikakutuluka, zulani pulagi mutokose ndi kawaya.

Muli pomwepo yang'anani valavuyo. Pathupi pake pali muvi, ndipo uyenera kuloza m'mwamba. Pampu ikazima n'kumva madzi ambiri akubwerera m'dzenje kwa nthawi yaitali, valavu yatha. Yatsopano siidula, ndi madola 15 mpaka 30 ku masitolo a Menards, Lowe's kapena Home Depot. Ngati phokoso lija la "gu!" pampu ikazima limakudzutsani usiku, pali ina ya sipuling'i yomwe imatseka mwakachetechete, ndipo ndi yoonekera m'kati moti mumaona madzi akudutsa. Pomasula valavu yakale khalani ndi ndowa pafupi, madzi onse a m'paipi ya pamwamba akutsikirani.

Ngati mukugula yatsopano

Kwa nyumba wamba, ya mphamvu ya 1/3 HP (horsepower, muyezo wa mphamvu ya motala) imakwana. Ya 1/2 HP ndi ya nyumba zomwe zili pamalo a madzi ambiri kapena pomwe paipi imakwera patali. Kugula yaikulu mopyola muyezo sikuthandiza, chifukwa imaphwetsa dzenje m'masekondi ochepa n'kumangoyaka ndi kuzima, zomwe zimapha swichi. Ine ndimakonda ya thupi lachitsulo kusiyana ndi ya pulasitiki, chifukwa chitsulo chimataya kutentha kwa motala m'madzi. Zabwino ndaziona pa madola 150 mpaka 250.

Za pampu zogwiritsidwa kale ntchito zomwe anthu amatsatsa pa intaneti, zisiyeni. Munthu sachotsa pampu yabwino m'dzenje popanda chifukwa, ndipo kuiyatsa pa soketi kwa masekondi awiri mukugula sikukuuzani ngati motala imalowa madzi. Chenjeraninso ndi anthu amene amayenda khomo ndi khomo mvula ikangogwa, akukuuzani kuti besimenti yonse iyenera kukumbidwa pa madola masauzande ambiri musanaonetse wina aliyense. Funsani mitengo kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo aliyense amene wakuikirani pampu mumufunse akuonetseni kabowo kaja asanachoke.

Poika, yezani paipi ya pampu yakale, dulani yatsopano molingana, matani ndi guluu wa PVC, boolani kabowo, mangani, yesani ndi ndowa.

Panja

Madzi azikathera kutali ndi maziko, mamita atatu kapena kuposerapo, pamalo otsetsereka, apo ayi amangobwerera m'dzenje lomwelo. Asamathere pabwalo la aneba kapena panjira ya oyenda pansi pomwe adzaundane. Kulumikiza paipiyi ku suweji ya zimbudzi m'mizinda yambiri n'koletsedwa. Ngati panja munalumikizapo payipi yofewa yowonjezera, ichotseni pofika Novembala, chifukwa madzi amaundana m'makwinya ake n'kutseka njira, pampu n'kupsa ikukankha.

Magetsi akazima

Mphepo yamkuntho imene imabweretsa mvula yambiri ndiyonso imagwetsa mawaya. Pampu yachiwiri yoyendera batire ya mavoti 12 imaikidwa m'dzenje lomwelo, mokwera pang'ono kuposa yoyamba, pa check valve yakeyake. Batire imatha pakapita zaka zitatu mpaka zisanu, ndiye lembani tsiku logula pa batirepo. Poyesa, zulani pampu yaikulu muthire madzi. Palinso ina yoyendera mphamvu ya madzi a m'mpopi, koma imagwira pokhapokha ngati madzi anu ndi a mzinda, osati a chitsime chodalira magetsi. Kaalamu kolira madzi akafika pa simenti kamagulidwa pa madola osakwana 20, kaikeni pambali pa dzenje.

Katundu wa kumudzi uja muchotseni m'makatoni mumuike m'mabokosi a pulasitiki pa mashelufu. Imbiraninso a inshuwalansi ya nyumba muwafunse ngati muli ndi water backup. Inshuwalansi wamba ya nyumba nthawi zambiri siilipira zowonongeka chifukwa cha pampu imene yaleka kugwira ntchito, pokhapokha mutawonjezera gawo limeneli, ndipo mufunsenso kuti amalipira mpaka ndalama zingati.