Momwe mungasonkhere ndalama zogulira mabuku oti mwana aliyense adzipezemo pasukulu yanu

Malaibulale ambiri a m'sukulu za pulayimale adadzaza ndi mabuku amphatso ochokera kunja. Ndi mphatso zabwino ndipo timathokoza, koma pafupifupi onse ndi a Chingerezi, ndipo ana a m'zithunzi zake amasewera pachipale chofewa n'kumakwera sitima zapansi panthaka. Mwana wa Sitandade 2 amene kunyumba amayankhula Chiyao, m'kalasi Chichewa, amangoona zithunzi n'kubweza bukulo pashelefu. Ife a komiti ya makolo ndi aphunzitsi pasukulu ina ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi tidachita msonkhamsonkha kuti zimenezi zisinthe. Ndalama zidapezeka mosavuta kuposa momwe tinkaganizira. Povuta padali pogula, ndipo ndi pamene ndikhalitsepo.

Choyamba: mndandanda, ndalama pambuyo

Tsitsani mabuku onse, muwayale pamadesiki milumilu: a Chichewa apa, a Chingerezi chosavuta apo, ovuta uko, ong'ambika paokha. Ana a Sitandade 7 amaigwira bwino ntchito imeneyi. Mukatero tsegulani mulu uliwonse muli ndi funso limodzi: muli ndani m'bukumu? Kwathu mtsikana akapezekamo ndiye kuti akudikira wina amupulumutse. Mwana woyendera njinga ya olumala mudalibe, wopita ku madrasa madzulo mudalibe, ngakhale bwato ndi khoka mudalibe, chonsecho nyanja imaonekera pazenera la kalasi.

Zosowazo ndiye mndandanda wanu. Lembani motchula: nthano zazifupi za Chichewa za Sitandade 1 mpaka 4, mabuku a chiyankhulo chimene ana amayamwira kunyumba kaya ndi Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga, nkhani zomwe mtsikana ndiye mwini nkhani, nkhani za ana a ku Tanzania, Ghana kapena Ethiopia kuti adziwenso anzawo a mu Africa muno. Musaiwale mabuku a zilembo zikuluzikulu, chifukwa ana achialubino ambiri amavutika kuona tizilembo tating'ono. Za mabuku a Braille, omwe osaona amawerenga ndi zala, funsani mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera m'zoni yanu. Ambiri mwa aphunzitsiwa adaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi ndipo amadziwa khomo logogoda.

Mabuku a m'kalasi a National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga yomwe idayamba mu 2016, musawaike pamndandanda. Amenewo amabwera ndi boma. Mukawaona pamsika atayalidwa pansi, dziwani kuti achoka m'kabati ya sukulu ina, ndipo kuwagula n'kulimbikitsa kuba.

Chachiwiri: uzani oyenera kuuzidwa

Aphunzitsi aakulu, komiti yoyendetsa sukulu, amayi a mother group, a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale m'zoni yanu), kenaka amfumu. Izi mukuzidziwa kale. Chimodzi chokha chimveke pamsonkhano woyamba: chopereka n'chaufulu. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, choncho mwana asabwezedwe kunyumba kapena kutchulidwa dzina pa asembule chifukwa makolo ake sadapereke. Laibulale yoti ilandire mwana aliyense isayambe ndi kuchititsa manyazi mwana wosauka.

Chachitatu: kusonkha kwenikweniko

Musapemphe ndalama mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi yomwe nkhokwe zili mbee. Dikirani anthu akolole, cha mu Meyi ndi Juni, ndipo landirani chilichonse: ndowa ya chimanga, mtedza, usipa wouma, nkhuku. Banja limene silingatulutse ndalama m'thumba limabweretsa mbale ya mtedza mokondwa. Pogulitsa zokololazo bwerekani sikelo yodalirika muyeze nokha mavenda asanafike, chifukwa masikelo ena amadya makilogalamu pathumba lililonse inu mukuyang'ana. Ena amati chimanga chisungidwe mpaka mtengo ukwere. N'zoona chimakwera, koma muwerengerenso mankhwala a anankafumbwe, matumba ndi mlonda.

Gwero lachiwiri ndi ana akale a pasukulupo. Tsegulani gulu la WhatsApp, muikemo chithunzi cha milu ija ndi mndandanda wanu. Achinyamata athu amene ali ku Joni adatumiza kuposa momwe tinkayembekezera, ndipo chidawakoka ndi chithunzi cha mulu wa mabuku a Chichewa, womwe udali wosafika ndi m'bondo momwe. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale yapadera, osati ya munthu yomwe amalandiriranso ndalama zake za geni, ndipo foniyo aisunge msungichuma pomwe nambala yachinsinsi akusunga wina. Lachisanu lililonse matani pakhomo la ofesi pepala loonetsa zomwe zalowa.

Big walk imathandiza kufalitsa uthenga kuposa kubweretsa ndalama. Ngati muichita, dziwitsani apolisi, ndipo musawononge zomwe mwapeza pogula malaya osindikiza. Mashehe ndi abusa akalengeza Lachisanu ndi Lamulungu, uthenga umafika patali popanda kulipira kanthu.

Chachinayi: kugula, pamene pamafunika maso

Mbiri ikangomveka kuti sukulu yasonkha ndalama, madobadoba amatulukira. Kwa ife kudabwera bambo wina wovala bwino, atanyamula chikwama cha zitsanzo. Zidali zokongola zedi: tinthano ta Chichewa ta zithunzi zamitundu, pepala lolimba, limodzi lili ndi mtsikana wachialubino akugoletsa chigoli. Mtengo wake udali wotsika kuposa wa m'sitolo za mabuku, ndipo adati adzatibweretsera mpaka pakhomo. Adapempha theka la ndalama kuti akaodere katundu, n'kulemba risiti ya dzina la kampani koma yopanda adiresi.

Makatoni adafika Loweruka madzulo, pasukulu pali mlonda yekha, atamatidwa tepi mbali zonse. Lolemba titatsegula, pamwamba padali mabuku aja tidaonetsedwa, awiriawiri. Chikomekome cha mkuyu. Pansi pake padali mabuku a kaunjika: mabuku akale a masamu a sukulu za kunja, ena olembedwalembedwa kale ndi pensulo, magazini a zaulimi wa maiko ozizira, ndi buku limodzi lomwelomwelo lodzaza theka la katoni. A Chichewa amene adalimo adali ojambulitsa pamakina a fotokope. Mphunzitsi wa Sitandade 3 adatenga limodzi, kulitsegula pakati, masamba anayi n'kuthothoka kugwera pamiyendo pake. Nkhope za ana m'zithunzi zidali zakuda bii, osaoneka maso kapena pakamwa. Foni ya bamboyo idayamba kumangoitana, kenaka osapezekanso. Chidatipulumutsa n'chakuti theka linalo lidali lisanaperekedwe.

Ndiye mverani izi. Ndalama isatuluke katundu asanaonedwe, ngakhale wogulitsa alumbire motani. Kotesheni ilembe mutu wa buku lililonse, wosindikiza, chiyankhulo ndi chiwerengero chake. Ikangolemba kuti "mabuku a ana, makatoni atatu", ibwezeni. Katundu afike tsiku la sukulu, dzuwa lili pamutu, pali anthu atatu a komiti ndi mphunzitsi mmodzi wa makalasi aang'ono. Khuthulani katoni iliyonse mpaka pansi, muchonge pamndandanda buku ndi buku wogulitsa ali pomwepo. Lomwe simudaitanitse libwerere naye.

Buku lobera, lojambulitsa popanda chilolezo, silivuta kulizindikira mukalizolowera. Tsegulani pakati mulikanikize pang'ono: guluu wachabe amalira n'kusweka. Onani m'mphepete ngati zilembo zadulidwa kapena zapendekeka. Tsamba lachiwiri likhale ndi dzina la wosindikiza, chaka ndi nambala yozindikiritsa bukulo (ISBN) yooneka bwino. Kupatula kuti silikhalitsa m'manja mwa ana, buku lotere limaphwanya lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo limabera wolemba wa Chimalawi yemweyo amene tikufuna kuti alembe mabuku ambiri a ana athu.

Nanga mugule kuti? Yambani ndi National Library Service, bungwe la boma loyendetsa malaibulale, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe ndipo lili ndi nthambi m'maboma angapo. Iwo adasindikizapo timabuku ta ana ta Werengani, ndipo ogwira ntchito kumeneko amalangiza za kasamalidwe ka laibulale ya sukulu. Funsaninso kwa osindikiza mabuku: ku CLAIM Mabuku, ku Montfort Media ku Balaka ndi ku Dzuka, mutenge makotesheni atatu muyerekeze. Pemphani kuchotseredwa mtengo pogula ambiri, ndipo musachedwe kulipira mukagwirizana n'kuona katunduyo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense adaona momwe mtengo wa pepala umasinthira sabata imodzi.

Njira yachidule yomwe idatithandiza kwambiri ndi African Storybook, tsamba la pa intaneti la bungwe la Saide la ku South Africa. Lili ndi nthano za ana zambirimbiri m'ziyankhulo za mu Africa, za Chichewa zilimonso, ndipo chilolezo chake chimakulolani kukopera, kusindikiza ndi kumasulira mwaulere bola mutchule olemba ndi ojambula. Aphunzitsi athu awiri adamasulira nthano zingapo m'Chiyao, agogo ena n'kuwakonzera mawu pomwe padalowa Chichewa. Posindikiza gulani nokha mapepala, mukambirane ndi wa makina mtengo wa inki yokha, ndipo asindikize buku limodzi muone kaye. Chikuto chikhale cha pepala lokhuthala. Pomanga sokani ndi ulusi wa nsapato. Mawaya a sitepula amachita dzimbiri nthawi ya dzinja n'kudya pepala.

Chachisanu: kulemba ndi kukuta

Sitampa ya sukulu pachikuto cham'kati ndi patsamba lina lapakati, nambala, kenaka m'kaundula. Kutani ndi pulasitiki. Amayi a mother group adamaliza ntchitoyi mofulumira. Mashelefu atalikirane ndi khoma ndipo asagunde pansi chifukwa cha chiswe.

Chachisanu ndi chimodzi: abwereke

Musawatsekere m'kabati kuopa kuti ang'ambika. Kalasi iliyonse ikhale ndi tsiku lake, mwana atenge buku limodzi kwa sabata, mtsogoleri wa kalasi alembe. Pamsonkhano wa makolo wotsatira werengani malisiti onse mokweza, ndipo ndalama yotsala, ngakhale yochepa, muisunge ya guluu, ulusi ndi tepi yokonzera ong'ambika teremu ikamatha.