Kumanga phukusi la pulogalamu kuti lizituluka chimodzimodzi

Anthu awiri akatenga khodi imodzi n'kuimanga pa makompyuta osiyana, phukusi lotuluka liyenera kufanana ndendende. Zikatero, aliyense angathe kumanganso yekha n'kutsimikiza kuti palibe amene analowetsamo zoipa pomanga, monga zinachitikira ku kampani ya mapulogalamu ya SolarWinds mu 2020. A Debian, amene amapanga mtundu wina wa Linux, anayamba kulimbana ndi nkhaniyi mu 2013, ndipo zida zambiri zimene tizitchule pano zinachokera kumeneko.

Poyamba mangani kawiri. Ulendo wachiwiri musinthe dala foda, tsiku ndi dzina la womanga. Chida cha reprotest chimakuchitirani zonsezi. Kenako yerekezani mapukusi awiriwo ndi sha256sum, lamulo limene limatulutsa nambala yozindikiritsa fayilo iliyonse. Manambala akasiyana musayambe kulota chifukwa chake: diffoscope imamasula phukusi lonse n'kukulozerani penipeni pamene pasiyana.

Kawirikawiri wolakwa amakhala nthawi. Compiler, pulogalamu yomasulira khodi kuti kompyuta iimve, imalemba tsiku lomangira paliponse pamene khodi ili ndi `__DATE__` kapena `__TIME__`, gzip, yopanikiza mafayilo, imasunga nthawi m'mutu mwa fayilo, tar, yomanga mafayilo pamodzi, nayonso imasunga nthawi ya fayilo iliyonse. Mankhwala ake ndi SOURCE_DATE_EPOCH, imene ndi chiwerengero cha masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970. Musaitenge pa wotchi ya kompyuta, itengeni pa commit yomaliza, kutanthauza kusintha komaliza kwa khodi kumene kunasungidwa mu git:

`export SOURCE_DATE_EPOCH=$(git log -1 --pretty=%ct)`

Compiler ya GCC imamvera SOURCE_DATE_EPOCH kuyambira pa mtundu 7. Gzip muipatse `-n`. Tar ndiye imafuna chisamaliro, chifukwa imatola mafayilo mmene yawapezera pa disiki, ndipo ndondomekoyo imasiyana kompyuta ndi kompyuta. Imalembanso dzina la mwini fayilo. Ilamuleni chonchi:

`tar --sort=name --mtime=@$SOURCE_DATE_EPOCH --owner=0 --group=0 --numeric-owner`

Ambiri amaiwala chinenero cha kompyuta. Lamulo la sort limasanja mayina motsatira chinenerocho (locale), choncho ikani `LC_ALL=C`. Ikaninso `TZ=UTC` kuti nthawi isasiyane malinga ndi dera, komanso umask, imene imasankha zilolezo za mafayilo atsopano, ikhale 022 kulikonse.

Dzina la foda yomangiramo limalowanso mwakachetechete m'fayilo yotuluka. Pa GCC 8 kupita mtsogolo gwiritsani ntchito `-ffile-prefix-map=$PWD=.`, pa chinenero cholembera khodi cha Go ndi `-trimpath`.

Zonsezi n'zachabe ngati compiler kapena library (khodi ya ena imene pulogalamu yanu imadalira) yasintha mtundu pakati pa maulendo awiriwo. Lembani mtundu weniweni wa chilichonse chimene mwamangira, monga amachitira a Debian m'fayilo ya .buildinfo, ndipo pomanga dulani intaneti kuti pasalowe chatsopano chimene simunachilembe.