Kupenta thambo ndi penti wosungunula m'madzi

Gulani pepala lokhuthala, la 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), chifukwa lopyapyala limachita makwinya likanyowa. Limateni pathabwa ndi tepi mbali zonse zinayi. Madzi akhale m'mabotolo awiri, lina lotsukiramo burashi, lina la madzi oyera.

Nyowetsani mbali ya thambo ndi burashi yaikulu, dikirani kunyezimira kuchepe, kenako pakani buluu kuyambira pamwamba, mukuwonjezera madzi potsika kuti mtundu uzimka nupepuka. Mitambo musaipente ayi. Dindani ndi kansalu kouma penti akadali wonyowa, kuyera kwa pepala kuonekere.

Ambiri amalakwitsa apa: pepala likayamba kuuma, musabwererepo ndi burashi yonyowa, poti madziwo amakankha penti n'kusiya mawanga oipa. Mapiri ndi mitengo mupente pokhapokha thambolo litauma gwa.