Pinball ikumazima nkuyakanso pakati pa gemu? Musathamangire kuotcha bodi

Anzanga amene muli ndi pinball (makina a gemu yomenya kampira kachitsulo) za kampani ya Williams kapena Bally, zija zoyendera mabodi otchedwa WPC zomwe zinkapangidwa kuyambira 1990 mpaka 1999, monga The Addams Family ya 1992 kapena Twilight Zone ya 1993, vuto ili mukulidziwa. Gemu yafika pokoma, mwadina maflipa (timikono tomenyera kampira) onse awiri nthawi imodzi, basi display thii, maflipa afa, kampira kagwera kudzenje, makina nkuyambanso kudzuka ngati mwangowayatsa kumene. Mapointi onse apita.

Nkhani yake ndi ya 5 volts. Pa bodi ya CPU, yomwe ndi ubongo wa makinawa, pali kachip kakang'ono, MC34064, ntchito yake ndi ulonda basi, magetsi akangotsika kufika cha m'ma 4.6 olo kwa kamphindi kosaoneka ndi maso, iko kamalamula kuti zonse ziyambirenso, imeneyo ndiyo reset. Makoyilo a maflipa amakoka moto wambiri, ndiye ngati njira ya 5 volts inali yofooka kale, kudina kumodziko nkokwanira kuigwetsa. Kachipko musakada, kakugwira ntchito yake.

Chomwe chimandidandaulitsa ndi ichi, anthu akangomva za reset amathamangira kuchotsa BR2 (rectifier yosandutsa AC kukhala DC) ndi C5 (capacitor yosunga moto) pa driver board, bodi yogawa moto m'makinamo, chifukwa anamva kuti ndiwo mankhwala ake. Ayi abale, zimenezo nzomalizira. (Mayina a zida ndi makonekita amene ndikutchula pano ndi a mabodi ngati a gemu ziwiri zija, pa mabodi a WPC-95 ngosiyana.) Yambirani pakhoma.

Tengani mita muyeze soketi. Ngati makina ali pa ekstenshoni imodzi ndi filiji, kapena amavuta madzulo okha pomwe aliyense wayatsa kuka, mwina makinawo alibe mlandu. Kwa inu amene munawagula ochokera ku America, kumeneko ndi 120 volts pomwe kuno kwathu, ku Joni ndi ku UK ndi 230, choncho onetsetsani kuti majampa a transifoma anaikidwa mogwirizana ndi magetsi akwanuko. M'kabokosi ka magetsi kamkati mulinso thermistor, kachida kochepetsa moto wolowa mwamphamvu poyatsa makina, ikakalamba makina amakonda kuzima akangoyatsidwa kumene, akatenthera pang'ono nkusiya.

Kenako yezani 5 volts pa TP2, kamalo koyezerapo ka pa driver board, muyezenso pa bodi ya CPU penipenipo. Mukapeza kuti uku ikuwerenga 5.0 koma uko 4.8, dziwani kuti moto ukutayikira panjira, ndipo panjirapo pali makonekita. J101 ndi yomwe imalowetsa moto wochokera ku transifoma, J114 imautulutsa, J210 imaulandira ku CPU. Zimitsani, zulani imodzi, muyang'anitsitse ndi tochi. Pulasitiki yoyera ija ikasanduka yabulauni ngati mkute wa pansi pa poto, timapini titada, mwampeza wakubayo. Zulani nkubwezera imodzi imodzi, osati zonse pakamodzi, mukazula zonse simudziwa kuti yolakwa inali iti. Ndipo vuto likasiya musati mwakonza, mwangopala dzimbiri basi, pakatha masabata angapo libweranso. Sinthani mapini a mbali zonse ziwiri, a pawaya ndi a pabodi omwe. Eni Twilight Zone, pa waya wopita ku CPU pali Z connector, konekita yolumikiza mawaya pakati panjira, imeneyo ndiye kabwerebwere, ambiri amangoichotsa nkulumikiza mawayawo mwachindunji.

Ngati makina akuzima koyilo imodzi yokha ikamenya, yang'anani kadayodi ka pakoyilopo ngati kalipo, kakokeni pang'ono ndi chala, kamatha kuthyoka mwendo koma nkumaoneka bwinobwino. Kokasinthira ndi 1N4004, ndipo kamzere kake kayang'ane komwe kanayang'ana kakale.

Zonsezi zikakanika, apo ndiye tikambe za BR2, C5 ya 15,000 µF ija ndi regulator LM323K, yomwe imasunga moto pa 5 volts. Koma C5 ili ndi miyendo yolimba, mukaikoka solda isanasungunuke bwino imazuka limodzi ndi kachitsulo ka m'bowo la bodi. Ndinagwirapo bodi yomwe wina anaichita zimenezi, pamwamba C5 yatsopano ikunyezimira, kunsi kulibe chogwira, reset inali yoposa poyamba mpaka ndinachita kudutsitsa timawaya todumphira. Ngati dzanja lanu silinazolowere soldering, pitani nayo kwa amene amakonza mabodi.

Poyeza makina ali oyaka samalani ndi bodi ya display, kumeneko kuli moto woposa 100 volts. Pozula konekita kapena poika solda, pulagi ikhale itachoka pakhoma, switch yokha siyokwanira.