Momwe mungakonzekere odishoni ya sukulu ya nyimbo ngati munaphunzirira kiyibodi kutchalitchi

Achinyamata angapo oimba kiyibodi m'matchalitchi akhala akundifunsa kuti ndinalowa bwanji sukulu ya nyimbo ku South Africa, ndiye ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndingolemba kamodzi basi. Ine ndi wa piyano, choncho zambiri zikhudza piyano, inu a gitala, a saxophone ndi oimba ndi pakamwa mutolapo zokukhudzani. Ndineneretu kuti ulendo woyamba ndinalephera, ndinalowa chaka chotsatira, ndipo pomwe ndinagwera ndi pomwe nditayepo nthawi yambiri.

Choyamba, sankhani kopita

Conservatoire ndi sukulu yomwe ntchito yake ndi kusula oimba basi. Sabata iliyonse umakhala ndi mphunzitsi iwe wekha, kenako maola ambirimbiri m'kachipinda koyeserera, ndipo mayeso ake akuluakulu ndi kuimba pamaso pa anthu. Zomveka kwambiri kwa ife ndi za ku UK: Royal Academy of Music ku London yomwe inayamba mu 1822, Royal College of Music, Guildhall, Trinity Laban, ndi Royal Northern College of Music ku Manchester. Zambiri mwa izi mumafunsira malo kudzera pa UCAS Conservatoires, tsamba la pa intaneti lofunsirapo malo m'sukulu zimenezi, ndipo amatseka kumayambiriro kwa October, pafupifupi chaka chathunthu maphunziro asanayambe. Guildhall yokha mumafunsira kwa eni ake. Koma fizi ya munthu wochokera kunja imapitirira £20,000 pachaka, osawerengera pogona ndi chakudya, ndiye ngati mulibe scholarship kapena amalume a ku Leicester okukondani kwambiri, yang'anani pafupi.

Pafupi ndi ku South Africa. University of Cape Town ili ndi South African College of Music, ya mu 1910, komwe kuli classical, jazz, opera ndi nyimbo za chi Africa. Ku Durban, University of KwaZulu-Natal imadziwika ndi jazz kuyambira m'ma 1980 pomwe Darius Brubeck, mwana wa Dave Brubeck, anayambitsa maphunzirowo. Palinso Wits, Pretoria ndi Stellenbosch. Ubwino wake ndi woti a m'maiko a SADC timalipira fizi yofanana ndi eni dziko, kungowonjezerapo kandalama kena ka ophunzira akunja. Vuto ndi setifiketi, MSCE yokha nthawi zambiri siikwanira kulowera digiri kumeneko, ndiye ena amayamba achita A-level, ena amayamba aphunzira ku yunivesite konkuno, ena amalowera diploma. Apa musamanyoze za kwathu. Ku University of Malawi ku Zomba, ku Chanco kuja, amaphunzitsa nyimbo, ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy, ndipo chaka chimodzi kapena ziwiri m'malo ngati amenewa zikanandipulumutsa ku manyazi omwe ndikufotokozereni.

Chachiwiri, chida

Kiyibodi ya kutchalitchi ija, ya makiyi 61 opepuka ngati chidole, siingakukonzekeretseni. Mukufunika makiyi 88 olemera, omwe amabwezera chala ngati piyano yeniyeni, ndi pedo. Yamaha P-45 kapena Casio ya mtundu womwewo ndi yokwana, musavutike ndi zazikulu zokhala ndi ng'oma mazanamazana. Mtengo sindilemba chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa lero mawa ndi bodza. Chomwe ndinganene, chenjerani ndi anyamata a pa Facebook omwe amati "original from UK, yangofika". Mnzanga anagula ina yolembedwa dzina lotchuka kutsogolo koma dzinalo linali sitika, patatha miyezi iwiri makiyi atatu apakati anasiya kulira. Pitani nokha, dinani kiyi iliyonse kuchokera kumanzere mpaka kumapeto, mofewa kenako mwamphamvu, ngati phokoso silikusintha isiyeni. Onaninso adaputa, ambiri amakupatsani ya wailesi ndiye imawotcha bolodi. Ngati ndalama palibe, fufuzani parishi, mishoni kapena sukulu ya pulayiveti yomwe ili ndi piyano yongokhala, mupemphe kuti muziyeserera m'mawa, m'malo mwake muziwaimbira pa mapemphero.

Chachitatu, manotsi, pomwe ndinagwera ine

Ndinakulira m'kwaya, sol-fa ndinkaiwerenga ngati nyuzipepala, d r m f s, alto, tenala, zonse. Kiyibodi ndinaphunzira ndi khutu, ndipo monga ambiri a ife, nyimbo iliyonse ndinkaiimbira mu kiyi imodzi yomwe zala zinazolowera, kwaya ikayamba pamwamba kapena pansi ndimangodina transpose, batani losintha kiyi popanda kusintha zala. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuchita zimenezi ndipo anthu amandiwombera m'manja, pa maukwati ankachita kundilimbirana.

Nyimbo za odishoni ndinaziphunzira pa YouTube, kuyang'ana manja a munthu, kuimitsa vidiyo, kubwereza, mpaka ndinaziloweza zonse zitatu. Ndinakwera basi, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, ndinafika miyendo itatupa koma mtima uli m'malo. Tsiku la odishoni ndinaimba nyimbo zanga ndipo aphunzitsi atatu omwe anakhala kutsogolo ankagwedeza mitu, ine mumtima ndikuti basi zatheka, ndikayambe kulongedza. Kenako mayi wina mwa iwo anadzuka n'kuika pepala patsogolo panga, mizere iwiri yokha, kanyimbo kakafupi koti mwana wa zaka khumi wophunzitsidwa bwino angaimbe akutafuna chingamu. Anati ndiliyang'ane pang'ono kenako ndiimbe. Abale, ndinayamba kuwerenga mizere ndi chala ngati mwana wa sitandade wani. Kumayambiriro kunali ma flat atatu, sindinadziwe kuti akutanthauza kuti tili mu E flat. Ndinadina manotsi anayi, awiri olakwa, ndinaima, ndinayambiranso, thukuta kumsana. Bambo wina pofuna kundithandiza anati chabwino, tiimbireni scale ya A flat ndi manja onse. Diso langa linathamangira kumanzere kufuna batani la transpose. Piyano yamatabwa ilibe batani. Anandithokoza mwaulemu kwambiri, ulemu womwe umapweteka kuposa kukalipiridwa, ndipo basi yobwerera ndinakhala duu mpaka ku Zobue.

Ndiye nazi zomwe ndinachita chaka chotsatiracho, ndipo inu yambani lero osati mwezi wa odishoni.

Batani la transpose ndinalimata ndi selotepi. Kwaya ikayamba mu A flat, ndimaimba mu A flat. Masabata oyamba amayi otsogolera kwaya ankandiyang'ana ndi diso lofiira chifukwa ndinkaphonya makodi, tsiku lina mpaka anandiuza kuti "achimwene, mwadwala kapena?", koma pofika mwezi wachitatu zala zinayamba kudziwa njira. Ma scale onse khumi ndi awiri a major ndi ma minor ake, manja onse, ndi kagwiritsidwe ka zala kolondola, osati kongopeka. Kiyi imodzi pa sabata.

Kuwerenga ndinkachita mphindi 15 m'mawa uliwonse, ndipo lamulo lake ndi limodzi: kanyimbo katsopano tsiku lililonse, osabwereza ka dzulo. Ife a khutu vuto lathu ndi loti tikangomva kanthu kawiri taloweza, ndiye timadzinamiza kuti tikuwerenga pomwe tikungokumbukira. Yambani ndi zophweka zochititsa manyazi, za Grade 1. Musanadine kanthu yang'anani ma sharp kapena ma flat a kumayambiriro, yang'anani ngati ndi 3/4 kapena 4/4, ombani kugunda kwake pa bondo, kenako yatsani metronome ya pafoni, kaapu kogunda nthawi, pang'onopang'ono kwambiri muimbe mpaka kumapeto osaima. Mukalakwa pitirizani. Oyesa amakhululuka noti yolakwa koma kuima ndi kubwerera m'mbuyo sakhululuka. Ine ndinkafunda chitenje cha mlongo wanga pamanja kuti maso asathawire pa makiyi.

Mapepala ake musagule. Pa webusayiti ya IMSLP pali nyimbo zakale zaulere zosatha, pulogalamu yolembera manotsi ya MuseScore ndi yaulerenso ndipo imakuimbirani zomwe zalembedwa kuti mumve ngati munalondola, koma mvetserani mutaimba kale, osati musanaimbe. Bando ya usiku imakwana kutsitsa zambiri. Ngati mungapeze buku la nyimbo za m'tchalitchi lolembedwa m'manotsi a mizere, la mawu anayi, ndiye golide ameneyo, yambani ndi soprano ndi besi zokha, alto ndi tenala muwonjezere pambuyo.

Sol-fa musaitaye ayi. Mwezi woyamba ndinkalemba d r m pansi pa manotsi ndi pensulo kuti ndione kuti mu kiyi ya F, doh ndi F, mu G doh ndi G, kenako ndinasiya chifukwa maso amayamba kuwerenga pensulo m'malo mwa manotsi. Ndipo pa mayeso a khutu, pomwe amakuimbira kanthu kuti ubwereze kapena unene mtunda wa pakati pa manotsi awiri, mwana wa kwaya ya kwathu amawasiya kutali anzake omwe anayamba piyano ali ndi zaka zisanu. Ulendo wachiwiri gawo limenelo ndinalimaliza ndikumwetulira.

Chachinayi, magiredi

Sukulu zambiri zimafuna kuti mukhale pa mlingo wa Grade 8, kapena kuyandikira, pa chida chanu, ndi Grade 5 ya theory. Amenewa ndi mayeso a mabungwe a ku UK oyesa oimba, ABRSM kapena Trinity College London, ochokera Grade 1 mpaka 8. Nthawi zambiri chomwe amayang'ana ndi mlingo, setifiketi imangothandizira, koma ya theory lembani ndithu, masiku ano amalembetsa pa intaneti. Kuyambira 2020 ABRSM ili ndi Performance Grades, mumajambula nyimbo zinayi pa vidiyo n'kutumiza. Nzabwino kwa ife akutali, koma dziwani kuti mulibe sight-reading, kuimba pepala lomwe mwangoliona kumene, kapena ma scale m'menemo, ndiye mutha kukhala ndi pepala lokongola n'kukagwa momwe ndinagwera ine. Kulipira kwake ndi pa khadi, ndi ndalama zakunja, ndipo ndi mavuto a forex awa khadi ikhoza kukana kangapo, ambiri amatuma wachibale wa ku Joni kuti alipire iwo n'kumubwezera konkuno.

Pezaninso mphunzitsi woti azikumvani ngakhale kamodzi pa mwezi. Pali zinthu monga kuumitsa dzanja kapena kupondereza pedo nthawi yonse zomwe wekha sungazione.

Chachisanu, vidiyo ndi tsikulo

Sukulu zambiri pano zimalola akutali kutumiza vidiyo. Werengani zomwe apempha liwu ndi liwu, akati nyimbo zitatu za nthawi zosiyana, kawirikawiri imodzi ya Bach, ina gawo la sonata, ina yosankha nokha, musatumize kolasi chifukwa choti mumaiimba bwino. A jazz amafuna blues, standard ndi kuimba za m'mutu pamwamba pa makodi. Jambulani nyimbo iliyonse kamodzi osadula, nkhope ndi manja zioneke, foni ikhale chopingasa pa chinthu chokhazikika. Musapite ku studio koti akakuikireni reverb ndi kukonza zolakwa, amazindikira. Jambulani m'mawa kwambiri ana ndi matambala asanayambe, kapena tinene matambala atatopa, ndipo onetsetsani kuti batire yadzadza chifukwa magetsi amadziwa kuzima pa tsamba lomaliza. Akakufunsani chifukwa chomwe mukufunira sukulu yawo musayankhe kuti nyimbo zili m'magazi, aliyense amatero, tchulani mphunzitsi kapena kosi yomwe mwaifuna.

Zamapepala

Pasipoti yambani msanga. Ku South Africa mufunika study visa, kalata ya kupolisi, medical aid ya komweko ndi umboni wa ndalama, masetifiketi angafunike kudutsa ku SAQA kapena Universities South Africa, mabungwe ounika masetifiketi akunja. Ku UK ndi CAS, chitsimikizo chochokera kusukulu choti yakulandirani, kuyezetsa TB, ndipo mwina mayeso a Chingerezi a IELTS. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi "connection" ya scholarship bola mumutumizire kangachepe pa foni ndi wakuba, scholarship ya nyimbo imachokera pa odishoni yomweyo kapena pa fomu ya sukulu, palibe ejenti pakati.

Mukalowa, ndi za ntchito

Yesererani maola atatu kapena anayi patsiku, vomerani kuimbira aliyense wofuna womuperekeza pa piyano chifukwa ndi momwe mudzadziwikire, tengani kosi ya kaphunzitsidwe ngakhale mukuona ngati simudzaphunzitsa, mudzaphunzitsa. Oimba ambiri omwe ndikuwadziwa amadya kuchokera ku zinthu zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, ana a piyano masana, hotela Lachisanu, ukwati Loweruka, tchalitchi Lamulungu, studio ikapezeka. Nyimbo zanu lembetsani ku COSOMA, ngati muli ku South Africa ku SAMRO. Pa ukwati tengani theka la ndalama tsiku lisanafike ndipo mgwirizano ukhale wolembedwa ngakhale pa WhatsApp, komiti ikangomwazikana simudzampeza wolipira. Za misonkho, za kujambula chimbale ndi momwe mungalowere pa ndandanda wa oimba ku Lake of Stars kapena Tumaini ku Dzaleka ndidzalemba tsiku lina, pano mwana wa Grade 2 wafika kale pakhonde ndipo sanayeserere sabata yonse, ndikumuonera pankhope.