Pulogalamu Ikakana Kulowa ndi Error 1402

Pa Windows, Error 1402 imatanthauza kuti installer (pulogalamu yoikira mapulogalamu ena mu kompyuta) yalephera kutsegula key ina (ngati foda) mu registry, momwe Windows imasungira ma setting ake, pomwe Error 1406 ndiye kuti yalephera kulembamo. Pa laputopu yogula kwa munthu kapena m'mashopu a ku Kamwala mu Lusaka, nthawi zina mwini wa key amakhala akaunti yakale imene inafufutidwa, choncho installer imasowa chilolezo pa key imeneyo.

Yambani mwayesa kutsegula installer ndi Run as administrator. Zikakanika, tsegulani regedit (pulogalamu yosinthira registry), pezani key yomwe uthenga wa error watchula, ndipo musanasinthe kalikonse chitani Export kuti musunge kopi yake. Dinani kumanja pa key ija, Permissions, kenako Advanced. Mwini akhale Administrators, ndipo Administrators ndi SYSTEM muwapatse Full Control mpaka m'ma subkey. Musapatse Everyone chilolezo chotere, mungatsegulire mavairasi khomo.

Uthenga ukatchula UNKNOWN\Components, key ili mu HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Installer\UserData\S-1-5-18\Components.