Mwana akayamba kumenya anzake ngati wa mu filimu, yambirani apa

Wanga wa Standade 3 anabwera tsiku lina malaya atang'ambika, ati amasewera wrestling kuseri kwa nyumba, iyeyo ndi John Cena ndiye anadumphira mnzake pamimba kuchokera pachulu. Nditafufuza ndinapeza kuti ndalama ya zitumbuwa ija imathera ku video show pa Kamuzu Road.

Makolo anzanga, chikoti chiyambe chadikira kaye. Mwana amatengera zomwe waona, ndiye mukamukwapula chifukwa chomenya mnzake mwangomuonetsanso filimu ina. Izi si nkhambakamwa, katswiri wa za maganizo a anthu Albert Bandura ku yunivesite ya Stanford ku America mu 1961 ankaonetsa ana munthu wamkulu akumenya chidole chopopa, ana aja atawasiya nacho nawonso anachibwanyula momwemo, ndipo mu 1963 anapeza kuti ngakhale kungoonera pa filimu ana amatengerabe.

Pitani nokha ku video show ko mukaone zomwe amaonera. Ine ndinalowa, mdima bii, ana okhaokha pa mabenchi, munthu akuomberedwa pa sikirini koma womasulira uja akuponya nthabwala ndiye holo yonse kuseka, apa ndi pomwe panandiopsa ine, imfa yasanduka choseketsa. Mukabwerako musamukalipire, khalani naye pakhonde mumufunse, "Iwe, uja wagwa uja amake amva bwanji?" Muuzeni kuti magazi aja ndi utoto, ndipo a wrestling aja amaphunzira kagwedwe zaka zambiri pomwe iyeyo akugwera pa nthaka youma ya kuno ku Salima.

Amene muli ndi GOtv ikani PIN, manambala aja 13, 16, 18 ndi zaka za woyenera kuonera.

Koma vuto lenileni lili m'thumba mwathu momwe. Mavidiyo a wakuba akumenyedwa ndi gulu omwe timatumizirana pa WhatsApp amakakhala mu gallery, madzulo mwana akuti mami ndibwerekeni foni ndisewere gemu. Zimitsani auto-download, zomwe zalowa kale fufutani, mu gulu lomwe amakonda kutumiza zotere tulukanimo basi. Kwa tiana ta zaka 2 mpaka 4, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati sikirini isapitirire ola limodzi patsiku.

Mukamuletsa mupatseni china chochita, apo ayi abwerera komweko. Wanga ndinamupangira mpira wachikulunga, ndipo Loweruka amapita ndi amalume ake ku Senga Bay kukaona asodzi akukoka makoka. Ndalama ya zitumbuwa pano ndimapereka ndekha kwa amayi ogulitsa pa geti paja.